Tsiku Limene Ndinatchula Apongozi Anga Dzina

Ndinatchula apongozi anga aakazi dzina lawo lenileni, mokweza, iwo ali pompo, amuna awo akumva pamodzi ndi theka la komboni. Zinachitika Lamlungu masana pansi pa mtengo wa mapeyala, pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Honde. Palibe munthu amene anavulala. Imfa inalipo imodzi, ya tambala, koma tifika kumeneko.

Kuti mumvetse mmene munthu wamkulu, wabanja, wosamwa mowa, angachitire chinthu chotere, ndiyambe ndi ntchito yanga yakale. Ndinali mtolankhani pa kanyuzipepala kena ku Mutare, kamene kanafa mwakachetechete mapepala osindikizira atakwera mtengo. Ndinabwerera kuchigwa kuno, ndinalembedwa ukalaliki wa pasikelo yoyezera masamba, ndipo ndinakwatira Mariamu, mwana wa Che Yusufu. Che Yusufu ndi kapitawo wopuma ntchito, koma mpaka lero akamadutsa m'mphepete mwa munda othyola tiyi amafulumizitsa manja. Pasikelo sindinafune kukalambirapo, choncho ndinalembetsa maphunziro a pakalata ku koleji ina ya ku Harare. Chaka chomaliza amafuna kafukufuku. Ine ndinasankha mbiri ya makolo athu, mmene anachokera ku Nyasalande ndi ku Mozambiki kudzathyola tiyi ku Chipinge ndi kuno. Lamulo la koleji linali lachidule: kafukufuku wako akakanidwa kawiri umachotsedwa, zaka zonse za maphunziro n'kupita ndi madzi a mtsinje wa Pungwe.

Wanga anakanidwa koyamba.

Mphunzitsi wanga anali mayi wina amene sindinamuonepo ndi maso. Ndinkangodziwa cholembera chake chofiira, ndipo ndikukhulupirira kuti inki ankagula ya pamgolo. Pamene ndinalemba kuti "malinga ndi anthu odziwa bwino nkhaniyi" anazunguliza mzere n'kufunsa: Ndani? Pamene ndinalemba kuti "mkulu wina amene sanafune kutchulidwa dzina" anafunsa: Anakuuzani liti, muli kuti? Kumapeto analemba kuti nkhani ndi yokoma koma ilibe eni ake. Zinandipweteka. Kunyuzipepala anatiphunzitsa kuti wokuuza nkhani umamubisa ngakhale apolisi atakugwira pakhosi. Kukoleji, ndinazindikira mochedwa, umamuimika poyera ndi dzina, chaka ndi malo, kuti wokayika aliyense akamufunse yekha.

Mu envulopu momwemo munali kabuku ka malamulo a katchulidwe ka magwero. Ine malamulo omveka ndimawakonda, ndipo awa anali omveka. Mfundo iliyonse yobwereka, ikani m'mabulaketi dzina la bambo la mwini wake ndi chaka. Kumapeto kwa kafukufuku kukhale mndandanda wa magwero onse: dzina la bambo poyamba, kenako chilembo choyamba cha dzina la munthuyo, chaka, mutu wa buku wodulidwa mzere kunsi, ndi mzinda umene linasindikizidwa. Ngati gwero ndi munthu amene mwacheza naye, nenani malo amene munachezera. Maulemu onse achotsedwe, palibe Dokotala, palibe Bambo, palibe Shehe. Ndipo mndandandawo utsate afabeti, osati china chilichonse. (Mfundo ziwiri zomalizazi ndinaziwerenga ndikugwedeza mutu movomereza. Ndinkaona ngati ndicho chilungamo chenicheni.)

Ndinayambiranso kucheza ndi anthu, ulendo uno ndikulemba mayina. Che Yusufu anandipatsa masana angapo ndipo anayankha ndi mafunso amene sindinafunse. Akuluakulu ena a kumzikiti anachita chimodzimodzi. Ngakhale Amadu, woyendetsa thirakitala amene amavala magalasi akuda ndi tsiku la mvula lomwe, anandipatsa mfundo imodzi yokhudza nazale yoyamba ya tiyi, imene anaimva kwa malemu bambo ake.

Vuto linali apongozi aakazi. Aliyense pakomboni amawadziwa kuti Abiti Saidi, kutanthauza mwana wamkazi wa Che Saidi, monga amaitanidwira amayi achiyao. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sadyera pamodzi, ndipo sacheza. Tikakumana panjira ya kuchigayo iwo ankapatukira m'tiyi, ine n'kupatukira mbali inayo, n'kupatsana moni aliyense akuyang'ana phiri lake. Chiyambire ukwati wanga ndinali ndisanamvepo mawu awo akulunjika kwa ine. Koma Mariamu anali atandiuza kuti nkhani yabwino kuposa zonse ili ndi amayi ake, choncho tinapangana njira. Ine ndinakhala pakampando kuseri kwa khitchini, iwo mkati, Mariamu pakhomo kunyamula mafunso ndi mayankho.

"Afunseni kuti ananyamuka chaka chanji ku Mulanje," ndinatero.

Mariamu analowetsa mutu mkati. (Khoma la khitchiniyo ndi la njerwa imodzi ndipo ndinkamva chilichonse, koma mwambo umati sindinamve.)

"Akuti chaka chimene achimwene anga aakulu anayamba kukwawa."

"Chimenecho si chaka."

"Akuti kwa iwo ndi chaka, chifukwa ndi amene anabereka mwanayo kumsana njira yonse."

Nkhaniyo inalidi yabwino. Che Yusufu ananyamuka okha kukasaka ntchito, atalonjeza kuti akatumiza uthenga. Uthenga sunabwere. Abiti Saidi anamanga kamtolo, mwana kumsana, natsatira gulu la anthu wapansi kudutsa ku Mozambiki. Analowa dziko lino cha ku nkhalango ya Chirinda, nafunsa esiteti ndi esiteti, mpaka anawapeza amuna awo kufupi ndi Mount Selinda atanenepa, atavala chipewa chatsopano. Chokhacho n'chakuti Che Yusufu anali atandiuza kale zosiyana. Iwo anati anatumiza kalata pamodzi ndi tikiti ya sitima, mkazi wawo n'kubwera mwaulemu ngati mkazi wa kapitawo. Kabuku kanati magwero akatsutsana, tchulani onse awiri. Ndinasangalala kwambiri. Ndinkaona kuti tsopano ndayamba kufanana ndi anthu ophunzira.

Kabuku kanalinso ndi lamulo lina limene linandikwana ngati nsapato. Ngati mawu a munthu simunawamve nokha koma mwawapeza mwa wina, lembani onse awiri, mwini mawu ndi amene wakupatsirani. Popeza mwamwambo apongozi sindinawamve, ndinalemba kuti: Saidi, monga wanenera Yusufu, M., 1993. Yusufu, M. ameneyu ndi Mariamu, amene mapepala ake ali ndi dzina la bambo ake. Ndinamuonetsa monyadira.

"Bambo a Hawa, ndiye kuti ine ndasanduka buku?"

"Gwero, mayi a Hawa. Mwalowa m'mbiri."

"Ndikanakonda kulowa m'sitolo ku Mutare. Mbiri imeneyo mulowe nokha."

Panatsala kanthu kamodzi. Pamndandanda pankafunika chilembo choyamba cha dzina la apongozi, ndipo dzinalo sindinkalidziwa. Ndinamufunsa Mariamu akusita.

"Ine ndimawatcha amayi," anatero.

"Koma dzina lawo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa, ndipo likhala kumene lili. Mukufuna mulitani? Mukufuna kuwalodza?"

Mtolankhani akatsekeredwa khomo amazungulira kuzenera. Loweruka ndinakwera basi kupita ku Hauna, kumene Mai Zuze amagulitsa nthochi ndi nsomba zouma za bakayawo pamsika. Mai Zuze kwawo ndi ku Mozambiki, ndipo akhala mnzawo wa apongozi kuyambira masiku a ku Chipinge. Ndinagula bakayawo amene sindinkamufuna, ndinafunsa za thanzi la ana ndi zidzukulu, kenako ndinafika pamfundo.

"Maiwe!" anatero, n'kuwomba m'manja. "Mukuwasha akufuna dzina la ambuya ake! Mkamwini, dzina la apongozi! Masukulu awa atimaliza." Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anayang'ana uku ndi uku, anandikokera pafupi, n'kunong'ona: "Patuma. Koma mukalitaya panja, ine sindikukudziwani."

"Musadandaule, amayi. Ndikungofuna chilembo choyamba chokha."

"Nanga bwanji simunangopempha chilembocho?"

Ndinabwerera ndi bakayawo m'manja ndi dzina lonse m'mutu, lotentha ngati khala. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona apongozi akupatukira m'tiyi, kanthu kena mkati mwanga kankati, "Uyo Patuma," ine n'kuluma lilime ngati ndayankhula.

Kutaipa kunanditengera milungu. Ndinkagwiritsa ntchito makina a mu ofesi anthu akaweruka, ndi pepala la kaboni pakati kuti nditsale ndi kope langa. Amene sanadulepo mzere kunsi kwa mutu wa buku pa makina otaipira sadziwa kuleza mtima. Umataipa mutuwo, n'kubweza makina m'mbuyo, n'kugogoda kamzere pansi pa chilembo chilichonse, ndipo ukalumpha malo amodzi tsamba lonse umayambiranso. Koma tsamba lomaliza litatuluka ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Mayina anali atafola mowongoka ngati mizere ya tiyi wongodulira kumene, kampumiro kalikonse pamalo pake.

Ndinkafuna kukaponya ku positi Lolemba. Lachisanu, potuluka mumzikiti, Che Yusufu anandigwira pamkono.

"Akamwini, ndamva kuti mawu athu akukwera basi."

"Inde, bambo."

"Asanakwere, tiwamve. Munthu satumiza mwana kutali asanamuone mmene wavalira."

Pempholo linali loyenera, ndipo ndinavomera mokondwa. Ndinkaganiza kuti tikhala anthu ochepa. Koma Che Yusufu sachita zinthu mochepa. Nditafika Lamlungu ndinapeza mabenchi obwereka kumadrasa, azibambo pamthunzi wa mapeyala, azimayi pamikeka cha kukhitchini, Mai Zuze ali pakati pawo, ndi Amadu atatsamira mtengo ndi magalasi ake. Abiti Saidi anakhala kumapeto kwa mkeka atandipatsa phewa, akusenda nandolo m'beseni.

Kafukufuku anali m'Chingerezi, choncho ndinkawerenga ndikumasulira. Poyamba zinayenda bwino. Anthu ankavomera pamene ndinkatchula malo amene makolo awo anadutsa, ndipo mkulu wina analira pang'ono. Wina wanzeru akanalumpha za m'mabulaketi, koma ine ndinali nditazivutikira, ndipo sindinafune kuti ndi imodzi yomwe itayike.

"Yusufu akunena kuti masiku amenewo..."

"Yusufu uti?" anafunsa Che Bwanali, mnzawo wa apongozi amene samva bwino khutu limodzi.

"Che Yusufu omwewa."

"Nanga Che wapita kuti?"

"Ku Harare salola, bambo. Amafuna dzina lokha."

"Ndiye kuti amudya," anatero Che Bwanali, anthu n'kuseka. Che Yusufu sanaseke. Anangokweza dzanja kuti ndipitirize, monga ankachitira lole ya masamba ikaima pamlatho. Chizindikiro chimenecho ndinachiona, koma sindinachiwerenge.

Kenako ndinafika pa ndime imene ndinkainyadira kuposa zonse.

"Yusufu akunena kuti anatumiza kalata ndi tikiti ya sitima. Koma Saidi akutsutsa zimenezi."

Che Yusufu anaweramira kutsogolo. "Saidi? Apongozi anga Che Saidi, Allah awachitire chifundo, anaikidwa m'manda ku Mulanje inu musanabadwe. Mwacheza nawo liti?"

"Shuwa a koleji amafunsa ndi akufa omwe," wina ananong'ona kumbuyo.

"Ayi, bambo, si Che Saidi. Ndi Saidi, P."

"P ndiye ndani? Mwana wamwamuna wa Che Saidi kuno kulibe. Ndani ameneyu akunditsutsa pakhomo panga?"

Apa ndipemphe owerenga amvetse chinthu chimodzi. Munthu amene anaphunzitsidwa kuti funso lakuti "ndani" liyenera kuyankhidwa m'chiganizo choyamba, pakamwa pake pamayankha mutu usanavomereze. Onjezani cholembera chofiira chimene chinali chitandifunsa funso lomwelo tsamba ndi tsamba. Onjezani dzina limene linakhala milungu yonseyo likugogoda kuseri kwa mano.

"Patuma," ndinatero. Ndipo pofuna kuti pasatsale chikayiko chilichonse ndinawonjezera kuti, "Patuma Saidi. Awo ali apowo." Ndinaloza ndi pensulo.

Ndagwirapo ntchito m'makhoti ndipo ndamvapo bata la pamene woweruza akutsegula pakamwa, koma silifika pamenepa. Nandolo zinasiya kugwera m'beseni. Mariamu anakokera mpango kumaso. Mai Zuze anayamba kuyang'anitsitsa zala zawo za kumapazi ngati azigula kumene. Ndipo m'bata limenelo mwana wanga Hawa anafunsa ndi mawu ake onse, "Amayi, Patuma ndi ndani?"

Abiti Saidi anaimirira pang'onopang'ono, anakutumula chitenje, analowa m'khitchini n'kutseka chitseko.

Apa ndi pamene ndikanapinda mapepala, kugwada, n'kupita kwathu. M'malo mwake ndinaganiza kuti njira yotulukira m'matope ndi kupita kutsogolo. (Thirakitala ya Amadu imaganizanso chimodzimodzi, ndipo kawirikawiri imakokedwa ndi inzake.) Ndinawerenga masamba otsalawo mothamanga, osapuma, mpaka ndinafika pa mndandanda wa magwero. Ndinati mumtima, apa aliyense amva dzina lake ndipo mitima ikhala pansi.

Ndinaiwala kuti kwathu mayina akamatchulidwa pagulu, paukwati kapena pasadaka, amayambira kwa wamkulu. Anthu anawongola misana poganiza kuti yafika nthawi yothokoza.

"Amadu, K.," ndinayamba.

Amadu anachoka pamtengo, anavula magalasi kwa nthawi yoyamba m'chaka chimenecho, anawerama kumanja ndi kumanzere. Ndinapitirira. Bwanali, Mdala, Saidi, ndi ena onse, opanda Che, opanda Abiti, ngati ana a sukulu pa kaundula. Kenako Yusufu, M., amene ndi Mariamu. Ndipo pomalizira penipeni, pansi pa tsamba, Yusufu, W.

Che Yusufu anadikira kaye kuti aone ngati pali china. Panalibe.

"Akamwini, ndithandizeni, mwina makutu akukalamba. Amadu uyu, amene tsiku lobadwa ndinamunong'oneza ndine mawu a Mulungu m'khutu, ali poyamba?"

"Inde, bambo."

"Mwana wanga wobereka ndekha ali patsogolo panga?"

"Ndi malo amodzi okha, bambo."

"Ndipo ine ndili kumchira, wopanda Che, ngati mbuzi yotsalira pokalowa m'khola."

"Si ine, bambo. Ndi afabeti."

"Afabeti ndi mwana wa yani? Anabwera liti kuno? Anathyolapo tiyi pa esiteti iti?" Anaimirira n'kutenga ndodo yawo. "Mawu anga ndabweza. Onse. Muwachotse m'mapepala anuwo, mutumize a Amadu."

Che Bwanali anabweza awo. Che Mdala anabweza awo. Mmodzimmodzi akuluakulu anadzuka, aliyense n'kutenga mawu ake ngati nsapato pakhomo la mzikiti. Amene anatsala anali Amadu yekha, amene anandiuza kuti ngati ndikufuna mfundo zina ali nazo zambiri.

Ndinabwerera kunyumba ndi kafukufuku wokhala ndi gwero limodzi, nalonso la magalasi akuda. Mwezi unali kutha, ndipo ndi mwezi womwewo umene koleji inkafuna mapepala. Mariamu sanandikalipire. Anandiikira madzi osamba m'manja, anandiikira chakudya, n'kukakhala panja. Ndikanakonda akanakalipa. Lolemba pasikelo azimayi othyola tiyi ankatula madengu awo mwaulemu wopitirira muyeso. "Mwadzuka bwanji, a kalaliki? Lero mutchula yani?" Wina anandiuza dzina la apongozi ake kuti ndikalitchule m'malo mwake, poti iye akuopa.

Patapita masiku angapo Mariamu anabwera kuchokera kwa makolo ake n'kuima pakhomo.

"Amayi akuti mubwere ndi tambala. Wamoyo, wamkulu, osati wotsala ku chitopa."

Ndinagula tambala wamkulu kuposa onse amene ndinamupeza, ndipo anandijompha njira yonse, zimene ndinaziona kuti n'zoyenera. Che Yusufu anamulandira osandiyang'ana, anamutengera kuseri n'kumuzinga mwa Chisilamu. Ine ndinapita pakampando kanga ka kuseri kwa khitchini kukadikira chigamulo kudzera mwa Mariamu. Koma Mariamu anatuluka n'kunena kuti, "Akuti mulowe."

"Ndilowe kuti?"

"Mkati. Mwambo munauthyola kale, mukuopanso chiyani?"

Ndinavula nsapato, ndinalowa chowerama, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, maso pa phulusa. Kwa nthawi yoyamba mawu a apongozi anga anabwera kwa ine osadzera pakhoma.

"Akamwini, kumene munalitenga dzina lija sindikufunsani. Ndikudziwa amene amagulitsa bakayawo."

"Pepani, amayi."

"Ndinali nditaiwala mmene limamvekera. Womaliza kundiitana choncho anali amayi anga, m'mawa umene ndinanyamuka ku Mulanje. Anaima panjira n'kumandiitana, ine osacheuka, chifukwa ndikanacheuka sindikanapita." Anasonkhezera nkhuni pamoto. "Ndiye ndakhala zaka zonsezi, n'kudzalimvanso pakamwa pa mkamwini, ndi pensulo kundiloza ngati dengu la pasikelo."

Kabuku kanalibe lamulo la pamenepa.

"Tambala wafa, nkhani imeneyo yatha. Koma pali mlandu wina, waukulu. Mariamu wandiuza kuti mwalemba zoti mawu anga wanena ndi iyeyo. Zoona?"

"Ndi lamulo, amayi. Popeza sindinawamve kuchokera kwa inu..."

"Mariamu anayenda? Mariamu anali asanabadwe n'komwe. Miyendo imene inatupa ndi iyi. Minga ya ku Chirinda inalowa m'mapazi awa. Ndiye a ku Harare aziti nkhaniyi ndi ya Mariamu, munthu amene akapita ku Hauna amadikira basi? Tulutsani pensulo ija. Lero mundimva nokha, ndipo mulembe ine ndekha."

Anayamba kuchokera pachiyambi, ndipo nkhaniyo inali yaitali kuposa imene inadzera pakhomo. (Ndinazindikira kuti mkazi wanga ndi mkonzi waluso. Ankadula chilichonse chimene ankaona kuti sichiyenera makutu a mkamwini, kuphatikizapo mawu amene apongozi anawauza amuna awo tsiku limene anawapeza atavala chipewa chija.) Atafika pa nkhani ya sitima anakweza mawu dala.

"Ndipo mulembe kuti tikiti kunalibe. Kalata kunalibe."

"Inatayika ku positi!" anafuula Che Yusufu ali panja, kumene ankati akusosola tambala koma khutu lili pakhoma.

Gwero limene linabweza mawu ake linali litayankhulanso. Ndinasuzumira pakhomo.

"Bambo, ndingalembe zimenezo?"

Anaika tambala pansi, nthenga zili m'manja. "Lembani. Munthu sangatsutsidwe m'buku iye osayankha. Ndi ena aja ndiwauza abwezeretse mawu awo m'mapepala. Koma mundibwezere Che wanga, ndipo mundiike pamalo anga. Wamkulu pamwamba, mwana pansi, monga analengera Mulungu."

"Ndamva, bambo."

Ndinamvadi. Koma ndinkamvanso cholembera chofiira chikunoledwa ku Harare, ndipo ichi chinali chitandikana kale kamodzi. Ndinaganiza njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo chimene ndinachita ndi ichi. Masamba okonzedwa ndinawataipanso ndi kaboni monga kale. Pa kope la kaboni ndinatenga cholembera n'kubwezera Che ndi Abiti paliponse pamene panafunika, pamwamba pa mzere, mosamala. Tsamba lomaliza ndinalitaipa kawiri. Lina linatsata msinkhu, Che Yusufu pamwamba, Abiti Saidi pambuyo pawo, Amadu pansi penipeni. Limenelo ndinaliwerenga pabwalo la mzikiti Lachisanu, akuluakulu n'kuvomereza kuti tsopano sukulu yayamba kundipindulira. Kope lonselo lili m'bokosi la Che Yusufu, lokutidwa m'pulasitiki. Tsamba linalo linatsata afabeti, ndipo ndi limene ndinaliika mu envulopu n'kukaponya ku positi ya ku Hauna. Amene ankadziwa ndi Mariamu yekha, ndipo anangoti, "Inu simumva."

Kafukufuku anadutsa. Mphunzitsi analemba, ndi inki yofiira yomweyo, kuti magwero atchulidwa mwadongosolo labwino losapezekapezeka, ndipo kuti mkangano wa Yusufu ndi Saidi pa nkhani ya tikiti ndi chitsanzo chabwino cha kulemekeza mbali zonse ziwiri. Anawonjezera kuti kafukufukuyo amangidwa chikuto n'kuikidwa mulaibulale ya koleji. Nkhani yabwino imeneyi ndinaiwerenga mokweza kwa apongozi onse awiri, amene tsopano ndimamwa nawo tiyi pakhonde, aakazi akundikonza Chiyao changa. Chiganizo cha laibulale ndikanatha kuchilumpha. Sindinachilumphe.

Ngati pali phunziro, ndi lakuti kabuku kaja kanalembedwa ndi anthu amene magwero awo anamwalira kale kapena amakhala kutsidya kwa nyanja. Anga amakhala kuseri kwa mpopi wa madzi, amamva bwino, ndipo mwana wawo ndi amene amandiphikira. Ndikanaphunzira zimenezi pa tambala woyamba.

Mwambo wolandira masatifiketi uchitika sabata yamawa. Che Yusufu asoketsa mkanjo watsopano, ndipo alengeza kumzikiti kuti akupita nawo ku Harare limodzi ndi Abiti Saidi. Akuti za zipewa ndi zithunzi alibe nazo ntchito. Chimene akufuna ndi chakuti ndikawalowetse mulaibulale, ndikawatsitsire bukulo, akaone ndi maso awo dzina lawo lili pamwamba pa tsamba. Kuwerenga amatha bwinobwino, poti ukapitawo wawo wonse ankaitana mayina m'mawa uliwonse. Mariamu wanena kale kuti m'basi akhala kumbuyo, kutali ndi ine, ndipo wandilangiza kuti ndifunsiretu mtengo wa mbuzi.

Tikuyembekezeka kunyamuka pa Hauna Lachitatu m'mawa, kugona ku Mutare, n'kufika ku Harare Lachinayi. Laibulaleyo, ndafufuza kale, imatsegulidwa tsiku lililonse.